Mtedza wa m'Jekete ya Bambo

14 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tikudzuka, koma za bambo ndisakunamizeninso.

Malangizo anu aja ndinawatsata. Munati munawerenga kuti mtedza umathandiza ubongo wa anthu akuluakulu, ndiye m'mawa uliwonse ndinkawakazingira wodzaza dzanja n'kuwaikira m'kambale pafupi ndi makina awo osokera. Pobwera kuntchito ndinkapeza kambale kali mbee, mtima n'kukhala pansi. N'chifukwa chake pafoni paja ndinakuuzani kuti akusintha.

Loweruka ndinatenga jekete yawo yakuda ija kuti ndichape, ndipo ndinadabwa kulemera kwake. Nditapapasa, ndinapeza mtedza wonse uli kuseri kwa nsalu yam'kati, atausokerera bwinobwino. Munthu woti waiwala njira ya kubafa, koma msoko wake ndi wowongoka ngati masiku aja anthu ankawalimbirana.

Nditayamba kumasula ulusi, anandigwira dzanja.

"Mayi, musakhudze. Ndi wa mwana wanga. Akamaweruka kusukulu amakhala ndi njala."

"Mwana wanu uti, bambo? Si ine ndili pano?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Inu ndimakuonani pakhomo pano, ndinu munthu wabwino. Koma wanga ndi wamwamuna."

Zinandiwawa, achimwene, ndipo nsanje ndinachita, sindibisa. Ine wowasambitsa ndasanduka mlendo, inu mphunzitsi wa pafoni ndiye mukusungiridwa chakudya.

Adokotala akuti mtedza si woipa, mwina ukanathandizako zaka zapitazo, koma pamene tafikapa sungabweze kanthu. Amene mwatsala m'mutu mwa bambo ndinu nokha, ndipo nanunso mukutha pang'onopang'ono. Dzulo dzina lanu analifunafuna mpaka kugwetsa misozi, osalipeza.

Musanditumizirenso zowerenga. Bwerani. Tchuthi cha Disembala mukunenacho chili kutali, sindikudziwa ngati mudzapeze wokudikirani.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Bambo ndinawapempha kuti akupatseni moni, iwo akuti musamasewere panjira, kunja kukuda. Jekete ija sindinachape. Aivala, ndipo pamene ndikulemba pano akhala pampando pakhonde, maso ali kumsewu.

Ine mlongo wanu,
amene kuno ndikutchedwa "mayi"