Madzi Osamba a Bebi

14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, koma musayembekezere kalata yokoma, chifukwa ndikulemba mtima ukuwira. Pafoni sindikanatha, ndikanangolira kapena kutukwana.

Amayi ali m'chipatala. Abambo anandiletsa kukuuzani, ati mungadandaule. Dandaulani basi, ndi amayi anu inunso.

Chawagoneka kumeneko ndi mlongo wathu Bebi. Inde, mpaka lero akumutchulabe Bebi, chimunthu cha ndevu mpaka m'khosi, anzake amene anaphunzira naye ana awo ali ku sekondale. Mwezi wathawu Amayi anamutenthetsera madzi osamba monga amachitira m'mawa uliwonse, pakuti bwanayo madzi ozizira amamupatsa chifuwa. Atanyamula ndowa kupita nayo kubafa, anaterereka pakhomo, madzi owira onse n'kuwakhuthukira mwendo wamanzere, kuyambira m'bondo mpaka kuphazi. Abambo anali atapita kukameta. Amayi anakuwa mpaka mawu kusasa. Bebi anali m'chipinda choyandikana ndi bafalo, mahedifoni m'makutu. Anawatola ndi mayi a nyumba yoyandikana nayo, amene anachita kulowera pazenera la kukhitchini.

Ndinathamanga kuchokera kuntchito ovololo ili m'thupi. Ndinawapeza pabedi kuchipatala, mwendo uli m'mabandeji. Mukudziwa mawu oyamba amene anandiuza? "Kodi Bebi wadya?"

Achemwali, ndinatuluka panja kuti ndisanene zoti n'kudzalapa.

Musaganize kuti sindinayesepo kumuthandiza Bebi. Chaka chatha ndinamupezera ntchito kwa kapitawo wathu, kumalo osungira katundu kumene ndimagwirako, yongolemba makatoni olowa ndi otuluka, atakhala pampando. Sabata isanathe Abambo anabwera okha, atavala jekete, kudzauza kapitawo kuti fumbi la kumeneko likumudwalitsa mwana wawo. Mwana! Anzanga anandiseka mwezi wathunthu. Ndikadutsa ankati, "Mwana uja mwamuyamwitsa?"

Amayi atawatulutsa m'chipatala ndinawatengera kwathu. Alamu anu anasamukira pabalaza kuti Amayi agone pabedi. Adokotala ananenetsa kuti mwendowo usaponde pansi kawirikawiri, ndipo bandeji lisanyowe. Anakhala bwinobwino masiku ochepa, koma maso ali pafoni. Tsiku lina nditaweruka ndinapeza bedi loyalidwa, iwo palibe. Mwana wanga wamkulu anati, "Agogo akwera minibasi, ati amalume alibe zovala zochapa."

Ndinawatsatira. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pachidebe, beseni lili pakati pa miyendo, akufikisa jinzi, bandeji litanyowa ndi thovu. Bebi anali pasofa, miyendo pathebulo, rimoti m'manja. Atandiona anati, "Achemwali, mwabwera? Mwatitengerako chiyani?"

Ndinanyamula beseni lonse n'kukamukhuthulira pamiyendo, madzi, thovu ndi majinzi ake omwe. Sindikupepesa. Anadumpha n'kukuwa, "Amayi! Taonani zimene akundichita!" Munthu wamkulu, kuitana amayi ake ngati wamulanda mpira.

Abambo anatuluka kuchipinda. "Nyumba ino ndi yanga, mwanayu ndi wanga. Wakudyera chiyani iwe?"

Ndinati, "Wandidyera mayi anga."

"Iwe uli ndi pako. Mnzakoyu zinthu sizinamuyendere. Timuponye mumsewu?"

"Zimuyendera bwanji, Abambo, munthu woti ngakhale kapu yomwe wamwera tiyi mumakamuchotsera ndinu? Ife munkatidzutsa kusanache kuti tikolope tisanapite kusukulu. Ameneyu manja ake ndi agalasi?"

Apo Amayi analowa akutsimphina, atagwira khoma. Sanakalipe. Anangoti, "Inu nonse munapita. Akachokanso ameneyu, ine m'mawa ndizidzukira ndani?"

Mawu amenewo anandilasa, sindikana. Koma chisoni chake sichinachedwe kusanduka mkwiyo. Ndiye kuti munthu amulumaza dala kuti iwo asasowe womutumikira? Nanga tsiku limene adzatisiye, adzamusiyira ndani? Ine ndanena kale, pakhomo panga sadzapondapo ndi chikwama.

Chilonda chija chinalowa madzi a sopo, chinachita mafinya, mwendo n'kutupa. Lachiwiri anawagonekanso. Adokotala akuti mwina achita kudula khungu pantchafu kuti akaphimbe pamene pakukana kupola, ndipo anandifunsa pamaso pa anamwino ngati kunyumba kulibe munthu wowathandiza.

Dzulo masana Bebi anabwera kudzawaona, koyamba chiwagonekereni. Anali ndi kajumbo m'manja. Ndinati mumtima, kodi mwina munthu uja wayamba kuganiza, wawagulira ngakhale zipatso. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kutulutsa shati yoyera. Akuti batani lathothoka, ndipo Loweruka ali ndi phwando la mnzake. Singano ndi ulusi anabwera nazo, osaiwala. Ndinatambasula dzanja kuti ndimulande, koma Amayi anandigwira pamkono. "Musiye, n'kanthu kakang'ono." Anasoka batanilo, Achemwali, diripi ili padzanja, akuphonya bowo la singano, iye akuyang'ana pafoni. Atamaliza anamufunsa ngati ali nayo yokwerera pobwerera.

Tsono inunso ndili nanu mawu, mundikhululukire. Foni imene amaseweretsayo munamutumizira ndinu. Nsapato zimene Abambo amamupolishira, ndinu. Akakulemberani kuti akufuna kuyamba bizinesi, mumakhulupirira chifukwa muli kutali. Lekani. Ngati muli ndi kanthu, tipeze mayi woti azidzachapa ndi kuphika Amayi akatuluka, ndipo mayiyo ndidzamuuza ndekha kuti chovala cha Bebi asachikhudze. Koposa zonse bwerani, ngakhale sabata imodzi. Ndinu woyamba kubadwa, mwina inu Abambo angakumvereni. Ine tsopano sakundiyankha moni. Tikakumana m'chipatala amayang'ana kukhoma.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Alamu anu kuno akupereka moni, ana akufunsa kuti mayi aakulu abwera liti. Amayi aona ndikulemba, ndipo azindikira kuti ndikulembera inu. Akuti ndikuuzeni kuti ali bwino, kachilonda n'kakang'ono, musavutike ndi ulendo. Akutinso ndisalembe zoipa za mwana wawo. Ndawauza kuti ndangolemba moni.

Ndine mng'ono wanu,
amene watopa.