Miyeso ya M'kati mwa Gitala

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndalemba kuti okondedwa chifukwa ndi mmene Amayi anatiphunzitsira kuyamba kalata, koma musanamizike, ndakwiya nanu. Ndakwiya moti cholembera chikuboola pepala. Mauthenga anga apafoni mumawerenga n'kungokhala duu, ndiye lero ndalemba pamanja. Ndijambula masamba onse ndikutumizireni, mwina mukaona zolemba za mlongo wanu muchita manyazi n'kuwerenga mpaka kumapeto.

Kuno tilipo. Amayi ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikuwavuta. Abambo dzanja lamanzere lija silinadzukebe chiwagwetsereni sitiroko, ndipo tsopano makutu nawonso ayamba. Lamanzere latsekeka kale. Adokotala akuti lamanja likutsatira, ndipo sanatibisire kuti mwina chaka chino sichitha likumvabe. Izi ndinakuuzani mu Julayi. Munayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera.

Nkhani ndi ya gitala ija. Inu mukudziwa kuti Abambo anaipanga okha m'shedi mwawo mwa ukalipentala ife tisanabadwe, ndipo tsiku limene munkanyamuka kupita kunja munaipempha, munati mukaphunzira kuimba, mukaisamala ngati mwana. Anakupatsani ndi manja awiri. Atamva za makutu awo, sanalire, sanadandaule. Anangonena kuti akanakonda kuimvanso gitala ija khutu lisanatseke. Ndinati tikuuzeni muibweze. Anandikalipira. "Chinthu ndinapereka kale, ndikachilandenso? Musiye mnzako."

Ndiye ndinayamba kufuna njira ina. Kuntchito kwathu kosindikiza mapepala kumabwera bambo wina wa situdiyo, anthu amamutchula kuti Makutu, amadzasindikiza zikwangwani za oimba ake. Nditamufotokozera, anandiikira pulogalamu ya nyimbo pa laputopu yanga n'kundionetsa njira ziwiri. Ine, Achimwene, amene kusukulu anandichotsa m'kwaya chifukwa ndinkasokoneza anzanga!

Njira yoyamba ndi yotenga mawu ojambulidwa kale n'kuwaduladula kukhala tizidutswa tating'ono ngati mchenga, kenako n'kutimwaza mmene ukufunira. Ukhoza kutalikitsa kulira kumodzi kwa nsambo kuti kutenge mphindi yathunthu, ukhoza kukukweza kapena kukutsitsa. Tinali ndi kaseti imodzi yokha, ya paukwati wa msuweni wathu uja, pamene Abambo akuimba mphindi zinayi anthu akulongolola pamwamba. Makutu anaisamutsira m'kompyuta. Ndinaganiza kuti ndidulamo kulira kwa nsambo iliyonse, ndiike pa kiyibodi, Abambo azidina ndi dzanja lawo labwino. Kuganiza n'kosavuta. Paliponse pamene ndinkadula, munali munthu. Penapake wina akutsokomola, penapake mbale ikugwa, ndipo pa nsambo yokoma kwambiri mpamene Azakhali anasankha kuseka. Kuseka kwawoko kutaduladulidwa kunkamveka ngati mbuzi yokodwa pampanda.

Loweruka lina masana ndinatalikitsa mawu a Abambo eniake, pamene akuyamba nyimbo. Anatuluka mawu aatali, onjenjemera, osatha, ngati munthu akuitana ali pansi pa chitsime. Amayi anali panja akuchapa, analowa akuthamanga thovu lili m'manja. "Zimitsa! Zimitsa msanga! Bambo ako ali moyo apa, iwe ukuwaliritsa ngati mzukwa?" Abambo anaseka mpaka misozi, koma atatha kuseka anapukusa mutu. "Imeneyo ndi ya dzana, mwanawe. Ine sindikufuna kumva mmene ndinkaimbira. Ndikufuna ndikhudze, iyankhe."

Njira yachiwiri ndi imene inawakoka mtima. Mmenemo sujambula chilichonse. Gitalayo umaipanga m'kompyuta momwemo ngati mmisiri: umaiuza kutalika kwa nsambo, kukungika kwake, kukula kwa bokosi, kukhuthala kwa thabwa lapamwamba, ngakhale malo amene chala chikodole. Kompyuta imawerengera yokha mmene chinthu chotero chingalirire. Nditawaonetsa, Abambo anakoka mpando, anavala magalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba chidwalireni ndinaona kalipentala uja atabwerera. Ankandilamula ngati wophunzira ntchito. "Chepetsa thabwalo. Wachepetsa kwambiri, ukupanga chitini? Onjeza pang'ono." Koma manambala enieni anawathawa. Sitiroko inawasiyira nkhope za anthu ndi nyimbo, manambala inasesa onse.

Kenako anakumbukira. Inu mukudziwa chizolowezi chawo, kuti chilichonse chimene apanga, kaya ndi kabati, kaya ndi bedi, amalemba miyeso yake ndi pensulo kumbali yosaoneka, kuti wodzakonza asadzavutike. Anati ya gitala ili m'kati, pathabwa lakumbuyo, kungowunikira pabowo basi. "Uza mchimwene wako awalitse foni m'katimo ajambule. Ntchito ya mphindi imodzi."

Mphindi imodzi, Achimwene. Ndinakupemphani pa 3 Ogasiti. Ndinakupemphaninso kasanu ndi kawiri. Koyamba munati mwatanganidwa, kachiwiri munati mujambula kumapeto kwa sabata, kenako zii. Ndipo tsiku lililonse ndikamalowa pakhomo kuchokera kuntchito, nsapato ndisanavule, Abambo ankafunsa kuti, "Watumiza?"

Apa ndiulule changa, pakuti inenso sindine woyera. Ndinatopa ndi kuwaona akutembenukira kukhoma ndikanena kuti ayi. Ndiye ndinatenga kaseti ija, ndinasankha kulira kumodzi kwa nsambo kumene kunali koyera pang'ono, ndinakutalikitsa ndi njira ya tizidutswa ija kuti ndizikumva bwinobwino, n'kuyamba kusintha gitala ya m'kompyuta mpaka ziwirizi zifanane. Masabata asanu, nthawi ya nkhomaliro yonse, anzanga akudya ine mahedifoni ali kumutu. Ndikasintha bokosi, nsambo inkalira ngati waya wapampanda. Ndikakonza nsambo, bokosi linkamveka ngati chidebe. Makutu ankamvetsera n'kunena kuti, "Chemwali, mwayandikira, koma yakale ili ndi kachifuwa." Ndinakapeza kachifuwako tsiku limene ndinapyapyalitsa thabwa n'kusunthira chala pafupi ndi bowo. Tsiku lomwelo ndinalemba manambala aja pakapepala, ndinafika kunyumba n'kunena kuti, "Atumiza."

Ndinanamiza bambo anga odwala chifukwa cha inu. Mulembe penapake zimenezo.

Abambo anadina kiyibodi ndi chala chimodzi, khutu lamanja atalitsamiritsa ku sipika. Anadinanso. Atadina kachitatu ndinayesa kuti andigwira. Kenako anati, "Ndi yomweyi." Amayi anatuluka panja mofulumira ngati akukaanula zovala, chikhalirecho kunalibe chochapa tsiku limenelo. Chiyambire pamenepo, madzulo alionse amakhala pakhonde ndi laputopu yanga, akuimba nyimbo zawo ndi chala chimodzicho, ndipo aliyense wodutsa amamuuza kuti, "Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma onani chikuimba gitala." Zikanathera pamenepo, ndikanangoseka nawo. Koma amawonjezera kuti, "Mwana wanga wamwamuna ndiye watumiza miyeso. Ameneyu amasamala zinthu." Ine ndili pomwepo ndikuwabweretsera madzi akumwera mankhwala. Zimandiwawa, sindibisa. Komabe ndinameza, ndinati bola mdala akusangalala.

Tsono Lolemba lapitali alamu anga anaika zithunzi za nyumba yanu yatsopano pa intaneti kuti anthu aone. Nyumba ndi yokongola, zikomo. Pachithunzi chachitatu, pamwamba pa sofa, ndinaona chinthu chooneka ngati gitala chitapachikidwa pakhoma. Ndinakulitsa chithunzicho. Thabwa lapamwamba lachekedwa lonse, nsambo palibe, m'kati mwaikidwa timashelefu titatu, pali timaluwa ta pulasitiki ndi timagetsi tothwanima. M'kati monse mwapakidwa utoto woyera, mbee. Ndinaizindikira ndi kachipsera ka pakhosi pake, pamene ine ndinaigwetsa ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, inu n'kukwapulidwa m'malo mwanga. Pansi pa chithunzi alamu analemba kuti zakale zikhoza kukhala zatsopano, ndipo anthu makumi anayi anaika timitima.

Ndinali kuntchito, makina akusindikiza makalendala. Ndinalowa m'chipinda chosungira mapepala n'kutseka chitseko. Ndinayang'ananso chithunzicho. Achimwene, munaima pomwepo munthu akucheka? Kapena munacheka nokha? Musanapake utoto, simunaone zolemba za pensulo? Simunazindikire dzanja la bambo anu, nambala 7 yawo ija yokhala ndi kamzere pakati? Alamu sindikuwaimba mlandu, kwa iwo linali thabwa lakale lodya malo. Koma inu munakulira pansi pa gitala imeneyo. Ndipo chimene chandipsetsa mtima koposa si kuchekako ayi. Ndi miyezi iwiri imene munandisiya ndikupempha ngati wopemphetsa, inu mukudziwa kuti chimene ndikupemphacho chinakwiriridwa ndi utoto. Mawu atatu okha, akuti gitala ija kulibe, anakukanikani.

Chifukwa chimene ndalembera lero ndi ichi. Dzulo Abambo anati nsambo yachitatu ya m'kompyuta ikuwakayikitsa, ikulira mwaulemu kwambiri, pamene yawo inali ndi kamwano. Akufuna ayerekeze. Akuti Lamlungu likubwerali, 3 koloko masana, tikuimbireni foni, inu mukodole nsambo imodziimodzi iwo akumvetsera, kuti tikonze. Auza kale Amayi kuti awasitire shati.

Ndaganizapo zokupulumutsani. N'zotheka ndithu. Ndikhoza kukutumizirani mawu a m'kompyuta, ndaipitsa pang'ono nsambo yachitatu, inu n'kuwaliza pafupi ndi foni ngati mukukodola. Ndi khutu limodzi lotsala, mwina sangazindikire. Ndinafika mpaka pokonza mawuwo, anali pa laputopu pano. Koma ndawafufuta. Ndinanama kamodzi kuti Abambo apeze gitala, sindinamanso kuti inu mupeze mtendere. Ndipo bodza langa ndikaulula ndekha Loweruka, ndikawauza kuti miyeso ija ndinaipeka ine. Chifukwa chake chimene simunatumizire, chimenecho sindinena. Ndi chanu, mudzanena nokha ndi pakamwa panu, khutu lawo likadamva. Mukadikira Khirisimasi mudzalankhula ndi munthu amene azidzangoona milomo yanu ikugwedezeka.

Foni idzalira 3 koloko. Mukapanda kuyankha ndidzaimbanso, ndipo ndidzapitiriza kuimba iwo atakhala pomwepo ndi shati yawo yosita.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti muzivala zofunda, amva kuti kumeneko kwayamba kuzizira. Abambo ndawauza kuti ndikukulemberani, ndiye akupereka moni wambiri, akuti akunyadirani. Andiuza kuti ndisaiwale ichi, ndipo andibwerezetsa kawiri kuti ndilembe mmene anenera: kukamazizira choncho muzimasulako nsambo pang'ono musanaipachike, khosi lake lingapindike.

Ndine mlongo wanu,
amene ndatsala pakhomo