Musawanong'onezenso Amayi

Mirrabooka, Perth

Okondedwa Achimwene a Benedict,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Rosebell ndi ana onse ku Mponelako. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tilipo. Mwana wanga Lusayo wakula, msinkhu wandipitirira, kungoti Chichewa amangomva ndi khutu, pakamwa pamatuluka Chingerezi chokhachokha.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Ndapatsira a Scholastica amene akubwera kumudzi, chifukwa nkhaniyi ndikaiyamba pa foni ndingolira, komanso Amayi amakhala ali pomwepo.

Paja ndinakuuzani kuti Loweruka, ndikapuma kuntchito yosamalira okalamba, ndimaphunzitsako Chingerezi kuholo ya tchalitchi chathu. Chaka chino andipatsa gulu la anthu olankhula Chirasha, ambiri achikulire, ena othawa nkhondo. Mwezi wonse uno tili pa phunziro limodzi, la kufunsa kuti munthu ndi ndani. Aliyense amabweretsa zithunzi za abale ake, mnzake n'kumaloza ndi chala: "Who is he? Who is she? Where is she from?" Kamawu ka "is" kameneka amakameza, amangoti "Who she?", ine n'kumakuwa ngati wogulitsa matemba mpaka mawu kusasa.

Pagulupo pali a Arkadi, bambo amsinkhu wa malemu Abambo. Chingerezi chimawakana, koma manyazi ndiye osanena. Ndikawafunsa funso, amayamba aponya diso kumanzere kumene kumakhala akazi awo a Zinaida, kenaka yankho n'kutuluka losalala, lomwe lija la sabata yatha. Sindinachedwe kuzindikira kuti mayiwo amawanong'oneza. Mankhwala ake ndi apafupi: ndimawatuma a Zinaida kukatenga tiyi, n'kusintha funso. Apo a Arkadi amangoti kakasi. Ndinkaseka nazo zimenezi, Achimwene.

Lamulungu lija munandiimbira pa vidiyo, diso lomwelo ndinaliona pa Amayi. Asanayankhe moni wanga anayamba ayang'ana kumbali kumene munakhala inu. Kenaka anati Tisungeni mwana wanga, Lusayo ali bwanji, kuntchito kuli bwanji, kuno mvula yagwa bwino. Mawu amenewa ndakhala ndikuwamva kuyambira pa Isitala, osasintha ngakhale limodzi. Mu Ogasiti momwe, fumbi lili koboo, mvula inkagwabe bwino ku Mponela, ine osatulukira kanthu.

Ndiye munthu wina atagogoda pakhomo inu n'kutuluka, ndinachita zomwe ndimachita m'kalasi. Ndinawafunsa kuti Amayi, kodi ine ndine ndani?

Anayang'ana kumbali, kunalibe munthu. Anakonza duku lawo bwinobwino monga amachitira kukabwera alendo, n'kundipepesa mwaulemu. Akuti bambo amene amawauza aja atuluka kaye, ndidikire pang'ono abwera.

Anati "bambo", Achimwene. Ndiye kuti inunso, amene mumawadyetsa tsiku ndi tsiku, sakukudziwani. Mutabwerera ndinanamizira netiweki n'kudula foni.

Sindikukudzudzulani ayi. Ndikudziwa kuti munkandimvera chisoni, poti mapepala anga sanatuluke, ndipo ndikachoka m'dziko muno sandilola kubwerera, Lusayo n'kutsala yekha. Koma ine ndimasambitsa makolo a eni oiwala chonchi, matendawa ndimawadziwa. Sabwerera m'mbuyo. Miyezi imene mwina Amayi ankandikumbukirako yatha ndikuyankha moni woloweza, ndikumagona mtima uli m'malo. Zikundiwawa kwambiri, ndipo sindikuona pogwira. Ndapemphera, koma mapepala ali zii, ndipo ngakhale atatuluka mawa, ndidzafika ngati mlendo woyaliridwa mphasa.

Loweruka lotsatira ndinalephera kuphunzitsa. A Arkadi analoza chithunzi cha Amayi chimene ndimagwiritsa ntchito m'kalasi, n'kufunsa okha, popanda wowanong'oneza, kuti "Who is she?" Anzawo anawombera m'manja. Ine ndinangotuluka panja, ndinakakhala m'galimoto mpaka onse atapita.

Pempho langa ndi ili. Mundiuze zoona zokhazokha. Zinayamba liti? Kuchipatala ananena chiyani? Kodi amadya, kapena ayamba kusochera? Ndipo chonde, ndagwira mwendo wanu, musawanong'onezenso. Asiyeni azindifunsa okha kuti ndine ndani, ine ndiziwauza ndekha, kaya abwereze kangati. Bola zimenezo kusiyana n'kuti ndizimva mawu anu m'kamwa mwawo.

Mulungu akupatseni mphamvu, inu ndi alamu, poti katunduyu mwasenza nokha nthawi yaitali. Mundiperekere moni kwa azakhali a Joan ndi ana onse. Amayi muwapatsenso moni wanga. Akafunsa kuti wachokera kwa yani, muwauze kuti ndi kwa mayi uja iwo anamuuza pa foni kuti adikire. Akudikirabe.

Ine mlongo wanu,
Tisungeni