Wailesi ya Atate Ibwele Pakhomo

Chimwemwe, Kitwe
14 Malichi 1996

Mng'ono wanga Bornwell,

Monile nonse ku Magodi. Muli bwanji? Amama miyendo ija ikuwalola kupita kudimba? Ife kuno tilipo, koma kalata ino sindikulemba ndikuseka.

Malume a Danwell tinawaika m'manda mwezi watha, ndipo ndikudziwa kuti inu munamva mochedwa, msuweni wathu Jemima atafika kumeneko pa basi. Komatu tsiku lomwe anamwalila ndinapita ndekha kukapeleka uthenga wa malilo kuti aulengeze pa wailesi, monga timachitila nthawi zonse. Anaulengeza, dzina la mudzi wathu n'kulitchula momveka bwino. Tinachedwetsa malilo, maso ali kumsewu. A ku Chikomeni, kwawo kwa akazi a malume, anamva ndipo anabwela. Kwathu sikunachoke ngakhale munthu mmodzi. Kumanda atafunsa kuti mlongo wa malemu ali kuti aponye dothi, ine ndinangoyang'ana pansi.

Jemima wabwelako ndipo wandiuza chifukwa chake. Akuti wailesi ya atate unasinthanitsa ndi ya makaseti yonyezimila kwa wogula fodya wina, ndipo yatsopanoyo inafa mvula isanathe. Bornwell, mutu wako unali bwino? Wailesi ija atate anabwela nayo kuchokela kumigodi iwe usanabadwe. Inagwapo panjinga, mphemvu zinamangamo mudzi, koma a Haswell ku boma ankaitsegula, kuipukuta, kulumikiza kawaya, basi n'kuyambanso kulankhula. Yakoyo akuti utapita nayo kwa iwo anakuuza kuti mkatimo mulibe pogwila, zonse n'zomata, ukangoitaya. Ndiye akuti ili pawindo, mlamu anaiphimba ndi kansalu koluka ngati mkwatibwi.

Zinthu zimenezi ine ndimazidziwa, zadzaza m'masitolo kuno. Mlamu wako Yunike anagula nsimbi yamagetsi pa Khilisimasi, lelo ndiyo imagwila chitseko kuti mphepo isatseke. Ketulo ya a neba inasungunuka kunsi mwezi womwe anaigula. Amazipanga kuti ziwale pashelefu, zikafike kunyumba zife, iwe ubwelenso kudzagula ina. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyelele.

Koma ife a m'tauni tikapusitsidwa timangotukwana, uthenga n'kumvela kwa a neba. Kumudziko nyumba ina yokhala ndi wailesi ili kutsidya kwa dambo. Sunaganize zimenezo? Amama alila mlongo wawo ataikidwa kale chifukwa iwe unafuna nyimbo za makaseti. Zandipweteka kwambili, ndipo ndakwiya nawe.

Pempho langa ndi limodzi. Akuti wogula fodya uja anatenga wailesi ya atate amakhala ku Kapichila. Palasa njinga ukampeze, umpatse chimene afune, kaya mbuzi kaya mtedza. Ukaitenga upite nayo kwa a Haswell akaione, ugule mabatile, ndipo izikhala yotsegula nthawi ya mauthenga tsiku lililonse. Usandiyankhe zoti udikila ukolole.

Ndikukufulumizitsa chifukwa chifuwa chija munandimva nacho chaka chatha sichinathe. Ndaonda, kuntchito andipumitsa, ndipo mankhwala a kuchipatala sakugwila. Amama usawauze kaye. Mwina ndichila, mwini wake ndi Mulungu. Koma zikavuta, Yunike adzapita kukapeleka uthenga komwe ndinapita ine kuja, ndipo ndikufuna amama adzaumve tsiku lomwelo, adzafike, adzandiponyele dothi ndi dzanja lawo.

Undipelekele moni kwa amama, kwa mlamu, kwa azakhali a Rosemary ndi ana onse. Yunike ndi ana kuno akuti moni.

Ndine mkulu wako,
Esau