Mfuti ya Bambo Yalowa m'Kaundula

Lolemba, 8 Epulo

Pepa kabuku iwe, ndabweranso kudzakuvuta. Munthu wokhala yekha alankhule ndi yani? Floss ndi galu wabwino koma amangogwedeza mchira.

Chisanu m'mawa, dzuwa masana. Ng'ombe za abwana anga a Dunlop mkaka wayamba kuchepa, kukama sikukuchedwa. Maapozi otsala ndathyola. Nkhuni zilipo, zouma bwino.

Mfuti ya malemu bambo ndakaitenga kwa a Tulloch, okonza mfuti ku Winton. Aidinda nambala. Mwezi watha ndinakonzetsanso chiphaso changa chosungira mfuti, ndiye lamulo likuti mfuti zanga zonse zilowe m'kaundula wa boma. Yanga ina yaing'ono inalowa mosavuta. Ya bambo ndi yakalekale, inalibe nambala, ndipo yopanda nambala salemba. A Tulloch akuti, "Ndabisa kunsi, mayi, pomwe thabwa limaphimba. Ngakhale bakha sangaione." Ndasuzumira. Zoona, yaudongo.

Polembetsa pafoni ya a boma ndinachita chibwibwi. Sukulu yanga ya pulayimale ija. Koma mtsikanayo anali woleza, ndinawerenga nambala kawiri, iye n'kubwereza. Zatheka. Mtima pansi.

Achimwene anga a Lyall sindinawauze. Mfutiyo theka ndi yawo. Mawa mwina.

Lachinayi, 11 Epulo

Sindinawauzebe.

Ndatsuka abakha apulasitiki onyengerera anzawo. Mmodzi wang'ambika khosi, ndamata. Nyengo yosaka abakha itsegulidwa Loweruka loyamba la Meyi, ndipo ine chaka chonse ndimadikira tsiku limeneli kuposa Khirisimasi.

Ndilembe mwambo wathu, kuti ndione pomwe ndalakwa ngati ndalakwa. Bambo atamwalira sitinafune kukangana. Tinati mfuti izikhala chaka kwa ine, chaka kwa achimwene. Kusinthana kwake m'chisakasa chathu cha padziwe, chobisaliramo posaka, tsiku lotsegulira. Amene waisunga chaka chonse amabwera nayo, amaombera nayo m'mawa wonse, winayo ali ndi yakeyake kumapeto kwina kwa chisakasa. Dzuwa likafika pamutu, woisunga amaipukuta n'kuipereka. Wolandira amabwera ndi payi, mazira ndi nyama ya nkhumba zokutidwa mumtanda, yophika yekha. Yogula ayi. Yophika mkazi wake ayi. Mfuti imagulidwa ndi payi.

Chaka chino wolandira ndi achimwene. Payi yawo imapserera kunsi nthawi zonse. Ndimadya osanena.

Lamulungu, 14 Epulo

Nkhomaliro kwa achimwene. Mwendo wa nkhosa, mbatatesi, maungu. Akazi awo, alamu a Noeline, amatha kuphika.

Ndawauza. Ndinadikira amalize kudya.

Poyamba kuseka. "Ndinadziwa ine! Mayi Boma! Ukanatha ukanalembetsa ndi nkhuku zomwe." Nditafika pa za kudinda, kuseka kunatha. Akuti, "Chitsulo cha bambo, iwe Glenys? Wachiboola khutu ngati ng'ombe ya a Dunlop?" Ine ndati n'kunsi, sipaoneka. Iwo, "Ine ndikupaona ndili pano."

Kenaka ulaliki wawo uja. Kaundula athetsedwe. Wakuba salembetsa mfuti, olembetsa ndife opusa. Tsiku lina mndandandawo udzagwa m'manja mwa zigawenga, zizidzangosankha nyumba ngati zikugula m'sitolo. Ndalama zake bwenzi atakonzera msewu wathu. Ine ndangoti galimoto yanu ndi yolembetsa, galu wanu ndi wolembetsa. Akuti, "Galu wanga akabedwa amabwerera yekha."

Alamu anati, "Inu awiri, pudini ikuzizira." Ndadya. Inali yokoma ndithu, sindinama. Potuluka achimwene sanandiperekeze kugalimoto.

Ndinayenera kufunsa ndisanadinditse. Koma akanakana. Ndiye ndikanatani, ndibise mfuti kudenga? Ine tulo sindikanaona.

Loweruka, 20 Epulo

Sabata yabwino pantchito. Ng'ombe ina inkatsimphina, yachira. A Dunlop andipatsa nyama ya gwape, ndaika mufiriji.

Foni zii.

Ndapita kudziwe ndekha kukafolera chisakasa. Zaka zonse timapita awiri, iwo kudula nthambi za mtengo wa manuka, ine kumanga. Lero zonse ine. Nthambi zandikanda manja. Madzi adzaza bwino, abakha ambiri, onenepa, adya tirigu wa anthu. Floss kunjenjemera ndi chimwemwe. Ndinakhala pa bokosi langa kumwa tiyi wa m'fulasiki. Bokosi la achimwene kumapeto uko, patali, pomwe limakhala kuti mfuti ziwiri zisayandikane.

Kukoma kwake malo amene aja. Mphepo kununkha matope.

Pawayilesi pobwerera, mkangano womwewu. Wina akuti athetse kaundula, wina akuti ayi. Mlimi wina ananena za mfuti zake zobedwa, imodzi inabwerera chifukwa cha nambala. Mayi wina akuti amaopa adiresi yake kukhala pamndandanda, mwamuna wake amachoka sabata yathunthu. Onse ndawamvetsa. Nditafika ndayesa loko wa kabati yachitsulo ya mfuti. Ndayesanso nditavala kale zogonera.

Ine maganizo anga ndi awa. Chinthu chopha chizidziwika kuti chili kwa yani. Koma ochisunga chinsinsicho achisunge ngati mmene ine ndimasungira makiyi. Basi. Pawayilesi sindingaimbe, ndingachite chibwibwi.

Lachinayi, 25 Epulo

Tsiku lokumbukira asilikali. Mbandakucha pachipilala, kaduwa kofiira pachifuwa, mapazi ngati miyala. Lipenga lija chaka chilichonse limandiliza.

Achimwene analipo, jekete la bambo. Anandigwedezera mutu. Kuholo anandibweretsera tiyi, shuga mmene ndimakondera, n'kunena kuti, "Imwa, Boma, usafe ndi chisanu, angatilembe mlandu." N'kupita kwa anzawo. Ndiye kuti mkwiyo ukutha? Za abakha sanatchule.

Alamu anandikokera kukhitchini, tikutsuka makapu. Akuti, "Mlamu, sanakuuzeni eti? Chiphaso chawo chinatha mu Febuluwale. Sanakakonzetse." Akuti analumbira pamaso pa anzawo kumalo omwera kuti dzina lawo sililowa m'kaundula, adikira mpaka athetsedwe. Mfuti zawo anagulitsa kwa a Dunlop mwakachetechete chiphaso chisanathe. Kabati yawo muli ndodo zophera nsomba.

Kapu inatsala pang'ono kugwa.

Ndiye kuti ngakhale ndikanapanda kudinditsa, mfuti ya bambo sakanailandira. Wopanda chiphaso sasunga mfuti. Chaka chawo, ndipo sangaitenge. Alamu akuti, "Mkwiyo uja theka ndi manyazi. Usiku amangotembenuka ngati nyama yowotcha."

Munthu wamkulu, wometa nkhosa zaka zonsezi mpaka msana kupindika, kudzimana abakha chifukwa cha mawu a pamowa. Koma ndikuwadziwa. Akanena anena. Bambo anali chimodzimodzi.

Lamulungu, 28 Epulo

Kutchalitchi maganizo anali kudziwe. Mulungu andikhululukire.

Ndapukuta mfuti. Mipope iwiri, thabwa losalala pomwe tsaya la bambo linkagona. Ndakumbukira tili ana. Mfuti inali imodzi yomweyi. Bambo pakati, ife m'mbali, mapewa kugundana. Ankaika chipolopolo chimodzi chokha. "Mpope wakumanja ndi wa Lyall, wakumanzere ndi wako. Wolira apita kwa amake." Sindinalirepo. Achimwene analira kamodzi, amakana mpaka lero.

Ndiye ndaganiza. Wopanda chiphaso amaloledwa kuombera ngati mwini chiphaso ali pambali pake penipeni, woti n'kugwira mfutiyo, ndipo iye alibe ina m'manja. Umo ndi mmene ana amaphunzirira. Ndinkadziwa, komabe ndinaimbira a Tulloch kunyumba, pa Sabata, manyazi. Akuti, "Zoona, mayi. Bola akhale pomwe dzanja lanu lifika. Koma Lyall kuyang'aniridwa ndi mlongo wake wamng'ono? Mundiitane ndidzaonere."

Vuto ndi limenelo. Avomera?

Ndawaimbira. Sindinakometse. Ndati ndamva za chiphaso, alamu musawakalipire. Ndati tiyeni mfuti imodzi ngati kale, inu wakumanja ine wakumanzere, madzulo ibwerera kwanga, chaka chanu chikudikirani m'kabati mpaka mudzakonzetse kapena mpaka a boma ku Wellington adzagwirizane, chimene chiyambe. Kenaka, "Ndiye ndikhale pamwendo pako ngati mwana?" Ndati pamwendo ayi, mungandithyole. Sanaseke. Akuti, "Ndamva." Foni thi.

"Ndamva" si inde. Si ayi.

Lachiwiri, 30 Epulo

Mvula. Ng'ombe zina tasiya kuzikama, ntchito yapepuka. Ndasoka thumba la jekete. Zipolopolo ndagula, masokosi aubweya ndachapa. Msuzi wa maungu, wambiri, wokoma.

Akapanda kubwera ndipita ndekha ndi Floss. Ndikhoza. Koma chiyambire sindinakhalepo m'chisakasa chija ndekha tsiku lotsegulira. Ndani azinditonza ndikaphonya?

Ndipo payi. Mwambo ukuti wolandira mfuti ndiye aphike. Chaka chino wolandira palibe. Ndiphike ine? Ndikaphika iwo n'kubweranso ndi yawo, aziti ndawayesa olephera. Ndikapanda kuphika iwo osabwera nayo, njala. Mazira ndasunga, kuchitira mwina.

Lachitatu, 1 Meyi

Kwacha bwino, kumwamba mbee. Nditakama ndapita kudziwe kukaika abakha apulasitiki.

Matayala a galimoto m'matope pachipata. Si anga.

Pakona yomwe ndinafolera mopereweza pali nthambi zatsopano, zomangidwa ndi mfundo ya achimwene, ya ometa nkhosa. Ndinaidziwa ndisanayandikire. M'kati, bokosi la achimwene lachoka kumapeto. Lili pambali pa langa, kugundana, kudzanja lamanja. Alikhomera pansi ndi misomali ikuluikulu, yambiri kuposa yofunika, ngati wina akanati awatsutse.

Ndinakhala pa langa. Ndinatambasula dzanja. Likufika, n'kutsalako.

Floss anakwera pa bokosi lawo, ndinamutsitsa. Kenaka ndinalira pang'ono, bambo kulibe woti andithamangitsire kwa amayi.

Kaundula kaya athetsa kaya sathetsa, azikangana okha ku Wellington, nafenso Loweruka tikangana, ndikudziwa. Ayamba dzuwa lisanatuluke, abakha onse athawa.

Koma ine za misomali sindingagonere. Munthu anene ndi pakamwa. Tsamba lotsatirali ndikung'amba, ndikaliponya m'bokosi lawo la makalata popita kokama mawa.

Achimwene, pepani kukuvutani. Bokosi ndaliona. Mfundo yanu ya pakona ndi yabwino kuposa yanga, ndavomera. Za kudinda ndinayenera kukufunsani. Tsopano chimodzi chokha: payi mukuphika ndinu kapena ine? Mundiyankhe lisanafike Lachisanu masana, chifukwa mtanda umafuna kugona mufiriji. Ngati ndinu, chonde tsitsani moto. Zaka zonsezi kunsi kumapserera, sindinkanena.