Buledi wa m'chipinda 14

Lolemba, 12 Meyi 2025

Shifiti ya m'mawa, nyumba ya okalamba ku Balga, kuno kutsidya kwa nyanja. Chipinda 14, Mayi Wanda, a ku Poland, zaka 91. Buledi m'pilo. Wina m'sokosi, wina wankhungu kuseri kwa Baibulo. Nyerere ndondondo mpaka pawindo. Ndasesa zonse, m'bini. Anandigwira dzanja akulira m'chilankhulo chawo. Ndawafunsa m'Chingerezi changa cha ku Chanco ngati mzungu amaidziwa njala. Kwathu anthu anadya mizu ya nthochi mu 2002.

Mu lipoti ndalemba kuti akubisa zakudya, asokonezeka mutu, ndi aukali. Zaukalizo ndangowonjezera. Dzanja silinapweteke n'komwe.

Lachiwiri, 13 Meyi

Connie, mkulu wa manesi, wawerenga. Akuti palibe amene amalemba bwino ngati ine. Zoona. Zaka ziwiri za mbiri ku yunivesite, digiri palibe, lero ndikuyamikiridwa polemba za matewera. Dokotala abwera pa 22. Akavomereza lipoti langa, Mayi Wanda apita mbali ya zitseko zokhoma. Kumeneko kulibe dimba. Iwo m'mawa uliwonse amathirira timaluwa tawo. Ndangoti chabwino.

Lachisanu, 16 Meyi

Mwewa, mnzanga wa pantchito wa ku Zambia uja, wandipezerera kochapira. "Iwe Tusekile, unataya buledi wa amama? Ise timachinja chabe. Wakale tichotsa, watsopano tiika, nkhani yasila." Akuti onse amadziwa. Amauzana pa tiyi. Ine pa tiyi ndimakhala pandekha ndi buku, poti nkhani zawo n'za tsitsi ndi magalimoto.

Akutinso mayiwa anakulira kwawo ku Zambia, kumsasa wa othawa nkhondo ku Bwana Mkubwa, kufupi ndi Ndola. Manda a anthu a ku Poland alipo mpaka lero. Ndinaseka, ndati n'zabodza. Anangopitiriza kupinda nsalu.

Lamlungu, 18 Meyi

Kutchalitchi sindinapite. Masana onse kuwerenga pafoni. Mwewa sananame.

Poland anafafanizidwa pamapu zaka 123, Russia atatenga gawo lalikulu. Ana kukakamizidwa Chirasha kusukulu. Ogalukira kuyendetsedwa wapansi kupita ku Siberia. Kenako 1940, mabanja athunthu m'mabogi a ng'ombe. Osati iwo okha. A ku Lithuania, a ku Ukraine, anthu otchedwa Atata a ku Crimea mtundu wonse m'masiku ochepa. Ena otsala a ku Poland anatuluka kudzera ku Iran, kufika ku Africa, kenako doko la Fremantle pompanopa.

Ine ndinkayesa mtsamunda amabwera pasitima yapamadzi basi, ndipo woponderezedwa amakhala wakuda. Nkhani yanga ya thangata inaposa kalasi yonse. Ndinkaiuza aliyense.

Lolemba, 19 Meyi

Ndatsegula faelo ya Mayi Wanda. Tsamba loyamba, mbiri ya moyo, lomwe tinauzidwa kuwerenga tsiku loyamba ntchito. Anatengedwa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mlongo wawo wamng'ono, Staszek, anafa ndi njala ku Siberia. Pansi pali cholemba cha nesi wakale, mzere wofiira: musamawatayire buledi.

Ine wosiya sukulu chifukwa aphunzitsi anali mbuli. Tsamba limodzi, osaliwerenga.

Lachiwiri, 20 Meyi

Chichokereni Lolemba lija Mayi Wanda sakudya bwino. Atsika makilo awiri, ndipo Connie akuti zikugwirizana ndi lipoti langa. Ndinawatengera kabanzi, ndinakalowetsa m'pilo iwo akuona. Ndinati pepani mayi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso akuthwa kuposa anga. "Ndiwe uja. Asilikali nawonso ankayambira pa pilo." Kenako anandikumbutsa kuti mawa n'tsiku lotchetcha kapinga, nditseke windo. Ndipo n'zoona, ndi mawa.

Munthu ameneyu sanasokonezeke.

Lachitatu, 21 Meyi

Ndafunsa Mwewa zimene zimachitika munthu akanama mu lipoti. Akuti wina anachotsedwa chaka chatha, ndipo kwina konse sakumulemba. Nditakhala chete palibe angadziwe. Mayi a zaka 91 ndi Chingerezi changa, akhulupirira ndani? Ndi chimene chikundinyansa.

Kalata kwa Connie ndailemba katatu. Yoyamba masamba awiri, yokoma kwambiri, olakwa anali nyerere, kuchepa kwa antchito, ndi atsamunda. Yachiwiri ndinalakwa pang'ono. Ziwirizi ndang'amba.

Lachinayi, 22 Meyi

Basi ya ku Girrawheen, komwe ndimakhala, yafika msanga. Ndili pabenchi kunja kwa ofesi, kope pabondo. Dokotala 10 koloko. Kalata yachitatu mizere iwiri: sanali aukali, ndinanama. Mwana wa sitandade 4 akanailemba.

Pawindo ndikuwaona Mayi Wanda m'dimba ndi kachitini kawo, thumba la juzi lotupa. Kabanzi kaja asamutsa. Sakundikhulupirira, ndipo akhoza.

Galimoto ya Connie ikulowa pageti.