Misomali Inayi Pakhoma

Lachiwiri, 9 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti mankhwala a m'maso aja akuthandizako. Ife kuno tilipo. Mpongozi wanu ali bwino, ndipo mdzukulu wanu waguluka dzino lakutsogolo, moti masiku ano akuseka atagwira pakamwa ngati munthu woba shuga.

Ndikudziwa kuti amene agwira pepalali ndi Achemwali, inu mwangotchera khutu. Achemwali, ndimakudziwani: mukafika pamalo poipa mumatsokomola n'kudumpha mizere. Chonde lero musadumphe. Ndikanatha kuimba foni, ndipo ndayesa katatu, koma Bambo akangofunsa kuti, "Shopu ikuyenda?" ine ndimati ikuyenda, kenaka timakamba za mvula.

Shopu ikuyendadi, pamenepo sindikunama. Anthu akubwerabe ndi zithunzi zawo kudzaikitsa m'mafelemu. Makina odulira ngodya aja ndimawathira mafuta Loweruka lililonse monga munandiphunzitsira, ndipo akudulabe bwino kuposa atsopano. Telala wa khomo loyandikana nafe akuti ndikupatseni moni, komanso ndikukumbutseni kuti simunamubwezere sizasi yake. Koma nkhani yanga ndi ya khoma la kuseri kwa kauntala.

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, chaka chilichonse munkavala jekete yanu ya bulawuni n'kupita ndi mafomu ku ofesi ya msonkho. Pobwera munkakhala ndi chiphaso chosonyeza kuti shopu ilibe ngongole, n'kuchiika nokha mu felemu, n'kukhoma msomali. Mukukumbukira mayi uja amene anaona ziphasozo n'kukufunsani ngati kale munali dokotala? Chisamukireni kwa Achemwali, mwakhala mukupempha chithunzi cha khomalo chaka chilichonse, ndipo ine ndakhala ndikutumiza. Achemwali anandiuza kuti mumawerenga mafelemuwo ndi chala pagalasi la foni.

Bambo, mafelemu anayi omalizawo ndi abodza. M'kati mwake muli chiphaso chanu chomaliza chija, ndinangochichita fotokope kanayi. Pojambula ndinkaima kutali, pakhomo penipeni, podziwa kuti maso anu sangaone chaka chimene chalembedwapo. Ndinadalira matenda anu. Chichokereni inu sindinapereke fomu ya msonkho ngakhale imodzi, ndipo sindinalipire kalikonse.

Zinayamba chaka chimene Amayi anatisiya. Mukudziwa kuti shopu inatsekedwa miyezi yambiri tili kuchipatala, ndipo maliro atatha inu munandipatsa makiyi n'kunyamuka. Nthawi ya mafomu itakwana, m'thumba munalibe kanthu. Ine m'mutu mwanga ndinkayesa kuti munthu sungapite ndi fomu ulibe ndalama zolipira, monga sungapite kusitolo chimanjamanja. Ndinati ndidikire ndipeze kaye. Sindikukuimbani mlandu, koma ku ofesi kuja simunanditengeko ngakhale kamodzi, ndipo ine sindinafunse, poti ndinkafuna muziona ngati ndikudziwa zonse. Chaka chachiwiri ndalama zinalipo, koma ndinaopa kuti akandifunsa za chaka choyamba. Chachitatu ndinayamba kuzungulira njira kuti ndisadutse pafupi ndi ofesiyo. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Makalata anayamba kubwera, onse a dzina lanu, poti shopu idakali m'dzina lanu. Ndinkawazindikira ndi chidindo chapakona, ndipo ndinkangowaponya m'dilowa osatsegula. Tsiku lina ndikutseka felemu ya ukwati, chithunzi chinkagwedera chifukwa katoni ya kumbuyo inali yopyapyala. Ndinasuzumira m'dilowa kufuna chothinitsira, dzanja n'kugwira envulopu. Inakwana bwinobwino. Ndinakhoma timisomali, ndinamata pepala pamwamba, kasitomala ananyamula n'kumapita, ndipo mtima wanga unapepuka ngati ndalipira.

Basi chinasanduka chizolowezi. Panopa makalata asanu ndi atatu a msonkho wanu ali pamakoma a anthu, kumbuyo kwa akwati, ana obadwa kumene ndi agogo omwalira. Achemwali, ndikudziwa mwaseka. Sekani, nanenso ndikanaseka akanakhala munthu wina. Koma ine polemba izi ndikukumbukira mmene Bambo ankachitira ndili wamng'ono. Ndikamaliza felemu n'kuwaonetsa monyadira, sankayang'ana kutsogolo n'komwe. Ankangoti, "Tembenuza."

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina amene ndinamupangirapo felemu ya mwana wake womaliza maphunziro. Chitseko chinamenyetseka ndi mphepo kunyumba kwake, felemu n'kugwa, galasi n'kusweka. Analowa m'shopu atanyamula felemuyo kudzanja limodzi.

"Ndinu munapanga iyi?" anafunsa.

"Ndine, mayi. Musadandaule, galasi ndikuikirani lina."

"Galasi si nkhani. Ichi ndachipeza kumbuyo kwa mwana wanga."

Anaika envulopu pakauntala.

"Mukudziwa kumene ndimagwira ntchito?" anatero. "Chidindo ichi ndimachigwira tsiku lililonse. Sindinaitsegule, si yanga. Dzinali ndi lanu?"

"Ndi la bambo anga."

Anayang'ana khoma, n'kuyang'ananso dzinalo. "Madala aja a jekete ya bulawuni? Aja ankatipeza tisanatsegule n'komwe, tsiku loyamba lenileni? Ife tinkayesa anamwalira."

"Ali moyo, mayi."

"Akudziwa?"

Iye anazungulira kauntala, anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga ziphaso chimodzichimodzi. Atafika pa zinayi zomalizazo anaima nthawi yaitali. Ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Sanakalipe, Bambo, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangoti, "Tsegulani kalatayo ndikuona." Ndinaitsegula. Linali chenjezo lomaliza, ndipo tsiku limene anaikapo linali litadutsa kale ndi miyezi itatu.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi kuja. Ndinakhala pabenchi lalitali ndi kapepala ka nambala m'manja, thumba la malisiti pamiyendo, ndikuwerama ngati aliyense akundidziwa. Chinthu chimodzi chokha ndinasunga mwa zimene munandiphunzitsa: lisiti iliyonse ndimaibaya pawaya paja, ndipo mwezi ukatha ndimamanga ndi ulusi n'kulemba mwezi pamwamba. Ndinkachita zimenezi mosaganiza, manja okha. Mayi uja atamasula mitoloyo anati, "Izi ndiye zakupulumutsani. Zikanapanda kukhalapo tikanangoyerekeza tokha, ndipo mukanalira."

Ndinamufotokozera kuti chaka choyamba ndinalibe ndalama. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Bambo inu, kupereka fomu n'kwina, kulipira n'kwina. Mukanabwera ndi fomu yokha, ngakhale m'thumba mulibe kanthu, tikanakambirana. Ndani anakuuzani kuti tikuthamangitsani?"

Palibe anandiuza. Tinatha masiku atatu tikudzaza mafomu a zaka zinayi. Ndiye imvani izi. Chaka choyamba chija, chimene chinandiopsa mpaka kuyamba bodza lonseli, shopu siinapindule chifukwa inali yotseka. Msonkho wake sunkafika ngakhale pamtengo wa galasi limodzi lalikulu. Ndinathawa chinthu chimene ndikanalipira ndi ntchito ya tsiku limodzi. Panopa, kuphatikiza zaka zinazo, chindapusa ndi chiwongoladzanja, ngongole yafika poti ingagule makina odulira aja kawiri. Zoona mlandu suola.

Ndagulitsa njinga yamoto ija n'kulipirako gawo loyamba. Zotsalazo avomera kuti ndizilipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kwa chaka ndi theka. Achemwali, uzani alamu asagwire m'thumba, sindikupempha ndalama. Vuto ndi loti woyenera kusaina pangano limeneli ndi mwini shopu, ndipo m'mabuku mwawo mwini shopu ndinu, Bambo. Ngongole yonseyi yalembedwa pa dzina lanu. Pepalalo likapanda kubwerera mwezi uno usanathe, abwera kudzalemba katundu wa m'shopu, kuyambira makina aja. Nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu.

Pali chinanso, ndipo ichi ndiye chikundilemera kuposa zonse. Kalatayi sindinkafuna kulemba. Siginecha yanu ndimaidziwa, ndakula ndikuiona kumbuyo kwa mafelemu. Lachinayi lapitali masana ndinatenga chidutswa cha katoni n'kuyamba kuiyeserera. Pofika kachisanu ndi chiwiri inali itafanana ndithu, mpaka kamchira kaja mumakakokera pansi. Mpongozi wanu analowa ndi chakudya changa n'kundipeza ndawerama. Za msonkho ndinali nditamuuza kale, ndipo anakhala masiku awiri osandilankhula. Anatenga katoniyo n'kuiyang'ana.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndimangoyesa cholembera."

"Cholembera chimayesedwa ndi dzina la abambo anu?" anatero. Anaika chakudya pakauntala mwakachetechete. "Mwawanamiza maso zaka zinayi. Tsopano mukufuna muwabere ndi dzanja lomwe?"

Anatuluka osatseka chitseko. Ndinakhala pampando wanu uja, chakudya mpaka chinazizira. Sindinganame kuti ndinasiya chifukwa cha mtima wabwino. Akanachedwa pang'ono, pepalalo bwenzi lili kale ku ofesi, inu mukuwerengabe mafelemu pafoni. Katoniyo ndinaiduladula ndi mpeni wa ntchito. Kenaka ndinakwera pampando n'kutsitsa mafelemu anayi aja.

M'envulopu muno mupeza mapepala awiri. Loyamba ndi la pangano lolipira pang'onopang'ono. Limenelo ndikukupemphani, ndagwada, musaine, osati chifukwa cha ine koma makina anu, amene munagula ine ndisanabadwe. Achemwali, ndaika kadontho ka pensulo poyambira mzere, muwagwire dzanja muwaikire cholembera pamenepo. Lachiwiri ndi losintha shopu kuti ikhale m'dzina langa, kuti ngongoleyi ichoke pa inu ibwere kwa mwini wake. Limenelo musasaine mofulumira. Ngati mwaona kuti makiyi munapatsa munthu wolakwika, nenani. Ngongole ndilipirabe mpaka ithe, ndipo makiyiwo ndidzabwera nawo ndekha kudzawaika m'manja mwanu.

Mayi uja ndinamuikira galasi latsopano. Ndinakana ndalama, koma iye anakanitsitsa, analipira, n'kupempha lisiti. Potuluka anati ndikupatseni moni, ndiponso kuti jekete ija aisowa.

Ndaikamonso chithunzi cha khoma. Ulendo uno ndajambula chapafupi, ndipo ndachitsukitsa chachikulu. Achemwali, ngati Bambo sakuona bwino, afotokozereni zimene zilipo, osakometsa: mafelemu khumi ndi asanu ndi anayi, onse awo, ndi misomali inayi yopanda kanthu. Mdzukulu wanu anafunsa chifukwa chake khoma laguluka mano ngati iye, ndipo ndinamuuza kuti adadi ake ananama. Misomaliyo sindizula. Akuti ndikamaliza kulipira adzandipatsa chiphaso, ndipo chimenecho ndidzachibweretsa kwanuko chisanalowe mu felemu, muchigwire kutsogolo ndi kumbuyo.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Achemwali, zikomo powerenga mpaka pano, ndikudziwa sizinali zophweka, ndipo pepani kuti manyazi anga adutsira pakamwa panu. Mpongozi wanu akupereka moni, ndipo akuti ndikuuzeni kuti iye sankadziwa za mafelemu aja, zimene zili zoona. Bambo, musaiwale kuthira mankhwala m'maso kawiri patsiku, ndiponso muzivala chipewa mukamakhala panja. Mukafuna kundikalipira imbani nthawi iliyonse, ndiyankha ndipo sindikamba za mvula. Foni ndikuyenda nayo m'thumba la malaya. Kukalipa ndipirira, chimene ndikuopa n'chakuti mungokhala chete.

Ndine mwana wanu,
amene munamusiyira makiyi.